Pepala la ku labu si ciweluzo

Masiku ano ku Petauke na ku Nyimba munthu akapimitsa magazi, dokotala asanaone n'komwe, pepala lafika kale pa WhatsApp ya acibululu. Pakakhala cilembo ca H pafupi na liwu lakuti cortisol, m'nyumba simugonedwa. Wina ati ni stress, wina ati ni za kumudzi, winanso wafika kale na tiyi wogulitsa, ati wosuka m'thupi. Ine nikuti nambala imodzi si matenda, koma si pepalanso loponya pansi pa matilesi.

Cortisol ni homoni imene tonse tili nayo. Imapangidwa na tuziwalo tuwili tokhala pamwamba pa impso, ma adrenal, ndipo kamene kamatulamula ni pituitary, kaciwalo kocepa monga nsawawa kali munsi mwa ubongo. Nchito yake ni kusunga shuga na BP pamlingo, na kucilikiza thupi tikadwala olo tikacita mantha. Siikhala pamodzimodzi tsiku lonse. Imakwela m'mamawa, imatsika madzulo, ndipo pakati pa usiku imafika pansi kwenikweni.

Ndiye funso loyamba ni lakuti: magazi anatengedwa nthawi yanji? Nambala yabwinobwino ya 08:00 ingakhale yokayikitsa pa 23:00. Yang'ananinso muyeso, cifukwa 18 µg/dL pa pepala lina ni pafupifupi 500 nmol/L pa lina. Osayelekezela pepala lanu na la aneba.

Zokweza cortisol popanda matenda aakulu n'zambili. Mayi wa pakati, olo amene amamwa mapilisi olela okhala na oestrogen, nambala imaoneka yokwela. Malungo, opaleshoni, mowa wa tsiku na tsiku, shuga yosasamalidwa na kuvutika maganizo zimacitanso cimodzimodzi. Mlonda na dalaivala wa thilaki wocezela pa Great East Road, koloko ya m'thupi mwawo inasokonezeka kale.

Koma aliponso matenda enieni, Cushing's syndrome, ochedwa na dzina la Harvey Cushing, dokotala wa ku America amene analemba za iwo mu 1932. Nkhope imazungulila, mafuta amaunjikana pamimba na kumbuyo kwa khosi, pamene manja na miyendo zikuonda. Pamimba pamabwela mizele yotakata, khungu limavulala msanga, kunyamuka pampando kumavuta, BP na shuga zimabwela munthu akali wacicepele, ndipo kwa azimayi kumwezi kumasokonezeka. Vuto lathu n'lakuti munthu wotele timamuyamikila: "Mwanenepa, zinthu zikuyenda!" Akasiyidwa, mafupa amafooka, mtima umalema, ndipo angamwalile.

Nthawi zambili gwelo lake si cotupa ca m'thupi iyai, ni mankhwala a steroid. Prednisolone na dexamethasone omwa popanda dokotala, ena pofuna kunenepa, na mafuta oyeletsa khungu okhala na betamethasone olo clobetasol, amagwila nchito monga cortisol. Codabwitsa n'cakuti kwa munthu wotele pepala lingaonetse nambala yotsika, cifukwa ma adrenal agona. N'cifukwa cake kuleka mankhwalawa mwadzidzidzi n'koopsa maningi. Dokotala ndiye amacepetsa pang'onopang'ono. Amene ali pa ma ARV okhala na ritonavir ndipo amapopelanso mankhwala a asthma, anene zonse ziwili, cifukwa ena mwa mankhwalawa sagwilizana.

Magazi a m'mawa umodzi sangatsimikizile Cushing's. Pafunika mapimidwe ena. Amakupatsani dexamethasone 1 mg kuti mumwe pa 23:00, n'kutenga magazi pa 08:00. Kwa munthu wabwino cortisol imatsika pansi pa 50 nmol/L. Angapimenso mkodzo wa maola 24 olo malovu a pakati pa usiku. Zikaonetsa vuto, m'pamene amapima homoni ya ACTH na kujambula na MRI olo CT. Kuthamangila kulipila sikani izi zisanacitike n'kutaya ndalama.

Katswili wa nkhanizi ni endocrinologist, ndipo njila yofikila kwa iye iyambila pafupi: kukiliniki, ku cipatala ca boma ca Nyimba olo Petauke, ku Kalindawalo General Hospital, kenaka ku Chipata Central Hospital olo ku UTH ku Lusaka. Kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka ni makilomita pafupifupi 400. Musakwele basi cabe kuwoloka Luangwa mulibe kalata ya lifelo, ndipo funsilanitu tsiku la kiliniki. Nyamulani mapepala onse, buku la BP na shuga, khadi ya NHIMA ngati muli nayo, na mankhwala onse m'mabotolo mwake, kuphatikizapo mafuta odzola na zitsamba. Tengani na zithunzi zakale, olo ca pa NRC, kuti dokotala aone mmene nkhope yasinthila. Manyazi asiyeni kunyumba. Safunsa anadya phula.

Manje kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho langa n'losavuta. Pimo la usiku lija lifuna tumapilisi tocepa na kabotolo kamodzi ka magazi. Magazi a viral load amayenda kale kucoka m'makiliniki kupita ku malabu aakulu. Nanga a cortisol sangayende njila imodzimodzi, kuti wodwala akwele basi pokhapo pamene yankho lanena kuti apite? Akatswili nawonso azibwelako ku Kalindawalo pa masiku odziwika, olo kukambilana na madokotala a kuno pa foni. A ZAMRA, amene amayang'anila mankhwala, aloweko m'misika kumene mafuta a steroid agona pathebulo limodzi na sopo. Ndipo aliyense wopatsa munthu pepala lokhala na H, amuuzeko tanthauzo lake asanatuluke pakhomo.

Mlimi wogulitsa matumba a nsawawa kuti apeze ya basi afunika kudziwa ngati ulendowo ni wofunikadi. Ndipo uja amene nkhope yake ikusintha tikumuyamikila afunika wina womuuza mwacikondi kuti: tiyeni ku cipatala.