Zilumba Zitatu za ku Salima

Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili pa Nyanja ya Malawi chakufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Ndi gawo la Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Alendo amafikako pa boti. Chowakoka kwenikweni ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene timaoneka bwino madzi akadekha. Koma katswiri pamalopa ndi nkhwazi: woyendetsa boti akaimba mluzu n'kuponya nsomba, imachoka mumtengo n'kudzaitola pamadzi ndi zikhadabo, osaphonya. Ng'azi zimangoothera dzuwa pamathanthwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umakuntha, mafunde n'kukula, choncho ulendo umayamba wadikira kuti nyanja igone.