Kuona maso a nkhono n'kudekha: za kuweruza nyimbo zachilendo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ikamva mgugu wa mapazi imabwerera m'chigoba chake, ndipo munthu waphuma amachoka akulengeza kuti kanyamaka kalibe maso. Wodekha amakhala pansi nadikira kufikira itatulutsa tinyanga take. Mwambi umenewu umamveka kawirikawiri pa bwalo la milandu ndi pa nkhani za banja, koma ukukhudzanso mmene anthu amaweruzira nyimbo zimene makutu awo sadazizolowere.

Chitsanzo chodziwika kwambiri chidachitika ku America. Pa 21 December 1960, katswiri woliza saxophone, Ornette Coleman, adalowa mu situdiyo ku New York pamodzi ndi anzake 7. Adagawikana m'magulu awiri a anthu anayianayi, naimba mosalekeza kwa mphindi 37, mbali yaikulu akupeka pomwepo. Chimbalecho chidatuluka mu 1961 ndi dzina loti Free Jazz. Magazini ya Down Beat, imene inkayeza zimbale popereka nyenyezi, idasindikiza ziweruzo ziwiri pa chimbale chomwecho mu January 1962. Pete Welding adapereka nyenyezi 5, kutanthauza malikisi onse. John Tynan sadapereke ngakhale imodzi, pakuti kwa iye lidali phokoso lopanda mutu. M'kupita kwa zaka dzina la chimbalecho lidasanduka dzina la mtundu wathunthu wa jazi, ndipo mu 2007 Coleman adalandira mphoto ya Pulitzer chifukwa cha chimbale chake china, Sound Grammar.

Mwana wa ku Ntcheu sayenera kudabwa ndi oimba opeka nyimbo ali mkati moimba, chifukwa limeneli ndi luso lakale la m'midzi. Amayi awiri akamasinja pa mtondo umodzi, wina amayambitsa nyimbo mnzake n'kumavomera, ndipo mawu odandaula za apongozi kapena za mwamuna wobwera usiku amabadwira pomwepo. Palibe adawalembera, komabe lamulo lilipo: musi wa wina usagundane ndi wa mnzake. Chimodzimodzi pa ngoma ya Angoni a kwa Gomani, monga imaonekera ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano. Wotsogolera nyimbo angathe kuikoka kapena kuidula monga mtima wamuuzira, koma mapazi a amuna ndi manja a amayi amasunga kugunda kumodzi. Mlendo wongofika kumene amangoona fumbi ndi zishango. Akakhalitsa m'pamene amazindikira kuti aliyense m'bwalomo akumvetsera mnzake.

Malawi adakhalanso ndi oimba ake a jazi amene adafunika khutu lodekha. Daniel Kachamba, wobadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald adakhala zaka zina za ubwana wawo ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Kumeneko adamva kwela, maimbidwe a anyamata a m'makomboni a ku Joni, amene Spokes Mashiyane adawatchukitsa ndi kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo. Atabwerera kwawo kwa Singano ku Chileka, abale awiriwa adapanga gulu lawo la gitala, chitoliro, maseche ndi bezi ya chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi.

Masiku amenewo mnyamata woyenda ndi gitala kapena banjo sankawerengeredwa m'gulu la anthu olongosoka. Makolo ambiri ankaona kuti kuimba m'misewu ndi pa mowa ndi ntchito ya munthu wothawa khasu. Tsono odutsa m'misewu ya Blantyre ankaima pang'ono, kuponya kakobiri, n'kumapita. Mu 1967 padaima munthu wina amene sadafulumire kuchoka. Ameneyu adali Gerhard Kubik wa ku Austria, wofufuza za nyimbo, yemwenso adaimbapo jazi ku Vienna ali mnyamata. Iye adamva kuti gitala ndi bezi zikubwerezabwereza kanjira kafupi ngati misi ya pa mtondo, pamene chitoliro cha Donald chikuyenda pamwamba pake mwaufulu, chikupeka zatsopano ulendo uliwonse. Adaonanso kuti mnyamatayo ankalowetsa chitolirocho m'kamwa mochipendeketsa, kuti mawu ake akhale onenepa ndi otha kupindika.

Kubik adajambula nyimbo zawo, nalemba buku lonena za gululi limene lidatuluka m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku yunivesite ya Zambia. Kuyambira mu 1972 a Kachamba adayamba kuitanidwa kunja, ndipo Kubik mwini wake adadzakhala woliza clarinet m'gulu la Donald. Mu 1994 chimbale cha gululo chotchedwa Concert Kwela chidatuluka ku France, ndipo mu 1999 Donald adakaphunzitsa maimbidwe ake pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Daniel adamwalira mu 1987, Amalawi akumutchula kale kuti Dokotala Kachamba. Donald adamutsatira mu 2001. Ntchito yosunga nyimbo ndi zida zakale kwa Singano idapitirizidwa ndi Moya Aliya Malamusi, yemwe adaimba nawo m'gululo.

Nkhani imeneyi ndi yonyaditsa, koma ili ndi kamunga kake. Wailesi ya MBC idaziimba ndithu nyimbo za Daniel, ndipo anthu adazikonda navina. Komabe buku lofotokoza luso lake adalemba ndi munthu wochokera kutsidya kwa nyanja. Zoonadi mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Kubik ayenera kuthokozedwa. Koma kalumo kake sikadali ka matsenga. Kadali kukhala pansi, kumvetsera kambirimbiri ndi kufunsa mafunso, zinthu zimene mphunzitsi, mtolankhani kapena nyakwawa ya m'mudzi ikadatha kuchita. Mtundu umene umadikira kuti alendo ayambe ndiwo kuombera m'manja ana ake udzataya oimba ambiri amene mlendo sadadutse pakhomo pawo.

Wina angafunse kuti, kodi tsono chilichonse chachilendo chiyamikiridwe? Iyayi. Phokoso liliko, ndipo alipo oimba aulesi amene amabisala kumbuyo kwa mawu oti ufulu chifukwa sadaphunzire chida chawo. Tynan adali ndi ufulu wonse wonena kuti chimbale cha Coleman sichidamukomere, ndipo mpaka lero alipo okonda jazi amene sachipirira. Woweruza wongoyamikira zonse ndi wopanda phindu mofanana ndi wongonyoza zonse. Chofunika ndi muyeso woyenera, ndipo muyesowo amayi a pa mtondo adaudziwa kalekale: kodi oimbawa akumverana? Wina akafunsa ndi chida chake, mnzake akuyankha? Pamene pali kumverana pali nyimbo, ngakhale khutu lisadaizolowere. Pamene aliyense akungodzimvera yekha pali chisokonezo, ngakhale zida zikhale zodula.

Mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mbali imodzi. Imamva wodandaula, imamva woyankha, imafunsa nduna zake, ndipo nthawi zina imati mlanduwu ugone. Adzukulu a lero, amene nyimbo za dziko lonse zili m'mafoni mwawo, ali pa chiyeso choposa cha makolo awo, pakuti chala chimodzi chimachotsa nyimbo isadamalize ngakhale kupereka moni. Akakumana ndi maimbidwe owadabwitsa, kaya ndi Free Jazz, kaya ndi chitoliro cha Donald Kachamba, kaya ndi mnyamata woliza banjo yopanga yekha pa msika wa Lizulu kapena Kampepuza, aulole mlanduwo ugone. Amve koyamba pofuna kupeza pamene pali kugunda. Amvenso kachiwiri kuti adziwe amene akufunsa ndi amene akuyankha. Akatero angathe kunena kuti yawakomera kapena ayi, ndipo mawu awo adzakhala ndi kulemera.

Ndipo woimbayo akakhala wa kwawo konkuno, akumbukire kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amufunse dzina lake ndi mudzi wake, amene adamuphunzitsa, ndi mmene adapangira chida chakecho, kenaka alembe zimene wayankha, foni yomweyo ijambule nyimbo yake.