Yambani ndi injini, misomali idikire

M'kalasi timaphunzira MRP, njira yokonzera maoda a zipangizo yomwe Joseph Orlicky, yemwe anagwirapo ntchito ku IBM, anaifotokoza m'buku lake la 1975. Mfundo yake ndi yapafupi: dziwani tsiku lomwe chinthu chikufunika, werengani chobwerera m'mbuyo, kenako itanitsani chipangizo chilichonse molingana ndi masiku omwe chimatenga kuti chifike. Anzanga ena amati izi n'za mafakitale a ku Ulaya. Ine ndikuti n'za mmisiri wokhoma boti ku Chembe.

Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, choncho mitengo ya m'mapiri ozungulira si yongodula. Matabwa amachokera kutali, kudzera msewu wa ku Monkey Bay, ndipo akafika aawisi ayenera kuuma kaye, apo ayi amakhota n'kusiya mipata. Misomali ndi penti mutha kuzigula ku Mangochi n'kubwerera tsiku lomwelo. Injini ndiye nkhani ina: sitipanga kuno, imadutsa padoko ndi pachipata cha dziko, ndipo woitanitsayo amafunika ndalama zakunja.

Koma munthu wopeza ndalama pang'onopang'ono amayamba ndi zotchipa. Sindikumunyoza, thumba ndi lomwe limalamula. Zotsatira zake, boti limatha bwinobwino n'kukhala pamchenga kudikira injini. Usipa amaupha ndi nyali mwezi ukakhala mumdima, ndiye mukaphonya masiku amenewo mudikire mdima wina, uku alovi anu atakwera kale boti la munthu wina.

Pomwe ndimasiyana ndi mabuku ndi apa. Pulogalamu ya pakompyuta imatenga nthawi yodikira katundu ngati nambala yosasintha, ndipo imalangiza kuitanitsa mochedwa ndithu kuti ndalama zisagone m'katundu. Pa misomali, zoona. Pa injini ayi. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe anadikira tsiku "loyenera" anapeza mtengo wina. Ndalama zakunja zikasowa kubanki, masabata omwe munalemba aja amasanduka miyezi.

Ndiye inu omwe mukukayamba ntchito yogula katundu m'makampani, musakhulupirire nambala yomwe mwaipeza m'kompyuta. Funsani anailemba ndani, liti, nthawiyo dola inkapezeka bwanji. Tsegulani mabuku a maoda akale, muwerenge nokha masiku omwe katundu wakunja anatengadi chaka chathachi, ndipo pokonza oda yotsatira mutenge ulendo womwe unachedwetsetsa.