Nyumba Kapena Galimoto? Mawu kwa Opuma pa Ntchito

Abale anga a ku Ntaja, ndi inu nonse okhala m'mbali mwa msewu uja wochokera ku Liwonde, wodzera pa Nsanama ndi kutulukira ku Nselema, ndili nawo mlandu umene ndifuna kuutula pamaso panu mwezi uno. Ndidziwiratu kuti ena a inu mudzandida chifukwa cha mawu anga. Koma ndiyesa nkwabwino kuti mundide lero, kusiyana ndi kuti ndikhale chete ndi kuonerera anzanga alikugwera m'mbuna imene ndiiona ndi maso anga.

Mlandu wake ndi uwu. Munthu akagwira ntchito zaka 30 kapena kuposapo, kaya ya uphunzitsi, kaya ya m'chipatala, kaya ya pakampani, kapena akabwera kuchokera ku Joni mphamvu zitamthera, lifika tsiku lakuti agwire ndalama zochuluka nthawi imodzi, zimene sanazigwirepo chibadwire, ndipo sadzazigwiranso kufikira imfa. Lamulo la penshoni la chaka cha 2023 lilola wopuma kutengeratu kufikira theka la ndalama zake, zotsalazo nazilandira pang'onopang'ono. Tsono pa tsiku limenelo mumtima mwa munthuyo mulankhula mawu awiri. Ena ati, Manga nyumba ya njerwa ndi malata, ukalambiremo. Enawo ati, Wavutika kokwanira. Gula galimoto, uyende, uone dziko, anthu akudziwe. Ndipo chimene chandilembetsa nkhani iyi nchakuti masiku ano ambiri alikumvera mawu achiwiriwo.

Musayese kuti mlandu uwu ngwa ife tokha. Ku America nawonso okalamba atsutsana pa chinthu chomwechi. Kumeneko kuli galimoto zazikulu zonga basi, zokhala ndi kama, mophikira ndi mosambira momwemo. Ndipo munthu akapuma pa ntchito alingalira ngati agule yotereyi ndi kumangoyendayenda, kapena agule zipinda zakezake m'nyumba yaikulu yosanja imene eni ake ali ambiri. Nyengo yozizira oyendayendawo asonkhana zikwizikwi pamalo otchedwa Quartzsite, m'chipululu cha Arizona. Koma ngakhale iwo, amene ali ndi misewu yosalala ndi zitsime za mafuta m'dziko lawo lomwe, adziwa kuti galimoto yotere itsika mtengo chaka ndi chaka. Ndipo pakati pawo alipo ena amene sanasankhe moyo umenewo, koma anataya nyumba zawo pa mavuto a chuma a mu 2008, nasowa pogona pena. Nanga ngati eni mafuta achita mantha, ife a m'mphepete mwa Chiuta ndi Chilwa tilimbika mtima ndi chiyani?

Taganizani bwino za chikhalidwe cha zinthu ziwirizi. Nyumba ikatha kumangidwa ikhala chete, siipempha kanthu koma kuisesa ndi kuimata apa ndi apo. Koma galimoto ndi chiweto chimene sichidya udzu. Ifuna petulo, ifuna matayala, ifuna batire, ifuna inshulansi ndi ziphaso za boma zimene zitha ndi kufuna kukonzedwanso; ndipo ngakhale muiimike pansi pa mtengo wa mango osaiyendetsa, iwonongeka ili chiimire. Mafuta ake sakumbidwa kuno: adzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, nagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu lizisowa kawirikawiri. Kodi mwaiwala mizere ya galimoto yogona pomwetsera mafuta mu 2011, ndi mu 2022, ndiponso mu 2024? Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Chitsulo chilichonse cha galimoto chinakwera mtengo pomwepo, pakuti zonse zichokera kunja. Koma ndalama ya mwezi ndi mwezi ya wopuma pa ntchito sinathamange nawo liwiro limenelo. Inde, simenti ndi malata nazonso zinakwera. Koma iye amene anali atafolera kale nyumba yake sanadandaule, popeza denga limene lili pamutu pa munthu palibe angalitsitse mphamvu.

Ndinali naye mnzanga, amene sinditchula dzina lake, pakuti ali moyo ndipo ndimkonda. Tinapuma pa ntchito chaka chimodzi. Iye anagula galimoto yogwirapo kale ntchito ku Japan, yonyezimira ndithu, ndipo tsiku limene inafika mudzi wonse unatuluka, amayi naimba nthungululu. Chaka choyamba analibe mpumulo: maliro onse anali ake, ukwati uliwonse unali wake, wodwala aliyense wa usiku anagogoda pa chitseko chake, ndipo mwa onsewo anali owerengeka amene anaponyapo ya petulo, pakuti anati, Ngwathu yemwe, tingamlipire bwanji? Chaka chachitatu injini inafa, ndipo ndalama zoikonzera panalibe. Lero galimoto ija yakhala pa njerwa zinayi kuseri kwa nyumba ya udzu, nkhuku zilikuikiramo mazira, ndipo mwini wake dzinja lililonse asuntha mphasa kuthawa madontho. Njerwa zinayi zimenezo ndizo zokha anagula ndi thukuta la zaka zake zonse.

Ndipo phunziro ili si lachilendo pakati pathu. Atate athu anapita ku migodi ya golide ndi Wenela kufikira chaka cha 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74, Dr. Banda naletsa ulendowo. Ena anapitanso ndi TEBA kuyambira 1977 kufikira 1988. Pobwera, ena anadza ndi masuti, mawailesi ndi njinga zonyezimira, nakhala mafumu a pamowa kwa miyezi yowerengeka. Ena anagula malata naumba njerwa. Pitani m'midzi mufunse kumene kuli masuti aja ndi mawailesi aja. Koma nyumba za omangawo zina zikali chilili, zidzukulu zilikugonamo. Momwemonso mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo anathamangitsidwa m'mizinda ina ya ku South Africa, ana athu anabwera pa basi ali ndi chovala cha m'thupi chokha. Ndipo amene anali atamanga kwawo anafikira pa chitseko chawo, koma osamangawo anafikira pa khonde la eni.

Tsono ndimve zimene mudzandiyankha, pakuti sindifuna kuweruza mlandu mbali imodzi.

Wina ati, Galimoto yanga idzanyamula anthu pakati pa Ntaja ndi Liwonde, nidzabala ndalama zomangira nyumbayo. Mbale wanga, ntchito imeneyo ili nawo eni ake, anyamata odzuka tambala woyamba, odziwa kulimbana ndi oitanira ndi kukwawa pansi pa galimoto. Inu wa zaka 60 simudzaitha. Mudzapatsa mnyamata kiyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo phindu lidzakhala lake, zowonongeka zidzakhala zanu. Pamsewupo padzaza kale maminibasi, timagalimoto ta Sienta ndi njinga zamoto za kabaza, zonse zolimbirana munthu mmodzi yemweyo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Musataye nyumba imene mungamange lero chifukwa cha nyumba imene galimoto ilonjeza mawa.

Wina ati, Nanga ndikadwala usiku, ndidzafika bwanji ku chipatala chachikulu ku Liwonde? Mawu awa ali ndi nzeru, ndipo sindiwanyoza. Koma werengani: kulipira galimoto ya wina usiku umodzi, ngakhale kawiri kapena katatu pa chaka, sikufika pa ndalama zimene galimoto yanu idzadya m'miyezi khumi ndi iwiri. Sungani ndalama ya matenda payokha. Ndiponso kumbukirani kuti nkhalamba yogona m'nyumba yodontha, pa dothi lachinyezi, ndiyo ifuna chipatala kawirikawiri.

Koma pali yankho lachitatu limene lili lolemera koposa, ndipo amuna ambiri alibisa mumtima osalinena. Ati, Ine ndine mkamwini. Dothi limene ndikhalapo nla akuchikazi. Mkazi wanga akatsogola, kapena ukwati ukatha, adzandionetsa njira, ndipo nyumba sindingaisenze pamutu. Koma galimoto ndidzachoka nayo. Ichi nchoona, ndipo m'dziko lathu lino la chikamwini, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, tawaona akuluakulu alikubwerera kwa alongo awo ndi kamtolo kokha. Koma mankhwala a nthenda imeneyi si galimoto ayi. Ngati muopa kumanga kuchikazi, gulani malo pa Ntaja pomwepa, kapena ku Liwonde, kapena ku Balaka, pamaso pa amfumu ndi mboni, zonse zilembedwe pa pepala. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linatsegula njira yakuti munthu kapena banja alembetse malo awo. Ngati mumanga kuchikazi, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri maziko asanakumbidwe, mupangane poyera kuti wotsala wa inu awiri adzakhala m'nyumbamo kufikira imfa yake. Lembaninso kalata ya chuma chamasiye mukali ndi mphamvu, pakuti lamulo la 2011 liteteza wamasiye ndi ana, ndipo liyesa kulanda chuma chawo mlandu. Ndipo tandiuzani, nanga inu mukatsogola, chimene chidzatsalira ana anu nchiti? Galimoto ili ndi miyendo: ichoka pamudzi anthu asanamwazike pamaliro, wachibale wina atatenga kiyi. Nyumba ilibe miyendo.

Ndisanamalize ndidzudzulenso a mbali yanga, kuti angadzitame. Alipo omanga nyumba amene adwala nthenda yomweyo ya kufuna kuoneka. Ayamba chinyumba cha zipinda zisanu ndi zitatu pamene ana onse anakula nachoka, ndalama nizithera pa mawindo, ndipo makoma aima zaka zambiri opanda denga, mitengo ilikumera m'kati. Uyu sasiyana ndi wa galimoto uja. Mangani nyumba yolingana ndi thumba lanu, ya zipinda zitatu, muifolere ndi kuikamo zitseko ndalama zisanathe. Muimange pamalo okwera, kutali ndi dambo, maziko ake akhale akuya ndi otukuka. Pakuti madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsa chimene mvula ichita ndi makoma a zidina okhala pansi. Ikatsala ndalama, onjezani chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, wina achitiremo malonda nakulipirani mwezi ndi mwezi.

Ndipo kuyenda kuja mukufuna, ndani wakuletsani? Chilakolako chimenecho nchabwino, pakuti munthu wogwira ntchito moyo wake wonse ayenera kuona dziko lake asanatsinzine. Pitani mukaone njovu ndi mvuu ku nkhalango ya Liwonde, imene ili pafupi pomwepa koma ambiri a ife sitinalowemo. Kwerani phiri la Zomba, kasambeni m'nyanja ku Mangochi, kachezereni zidzukulu ku Lilongwe. Tengani amayi a kunyumba, mukwere basi, wina avutike ndi matayala, inu muziyang'ana pa windo. Mukatopa mudzabwerera, mudzatsegula chitseko chanu ndi kiyi wanu, ndi kugona osamva dontho. Ulendo ukoma kwa iye amene ali nako kobwerera. Wopanda kwawo sali pa ulendo, alikusochera.

Chifukwa chake, inu amene kalata yanu yopumira yayandikira, ndi inu amayi amene amuna anu ayamba kale kufunsa mitengo ya galimoto, khalani pansi usiku uno muwerengere pamodzi. Ndalama imeneyo ndi zokolola zotsiriza, ndipo munda wake sudzalimidwanso. Yambani mwafolera nyumba. Ndipo ngati pambuyo pake patsala zokwanira kugula galimoto ndi kuidyetsa, gulani, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukupemphani kuti mundinyamuleko.