Mthandizi Wabweranso

Kale anyamata ofuna ndalama za msonkho anali kulembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Dzina la Mthandizi linali lokoma, koma obwerako anadziwa kuti wothandizidwa kwenikweni anali mwini pulazi. Lero Mthandizi wabweranso. Sayendanso ndi lole. Ali ndi ofesi mu Lusaka ndi lamya m'thumba.

Dera la Rufunsa, limene linakhala boma palokha mu 2012, liri pa mseu waukuru wa Kum'mawa, pakati pa Chongwe ndi ulalo wa Luangwa. Nchito za malipiro a pamwezi n'zocepa kumeneko. Mwana wa kwa Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda akatsiriza sukulu, aona khasu, makala ndi maenje a golide, ndipo mtima wace uthawira ku Lusaka. Kumeneko akumana ndi makampani opezera anthu nchito za ulonda, za m'nyumba ndi za m'sitolo.

Ena a makampaniwa acita zolongosoka. Koma alipo ena amene ayamba ndi kufuna ndalama ya kulembetsa, nchito isanaoneke n'komwe. Mai agulitsa mbuzi, mwana alipira, ndipo cotsatira ndico "ubwere mawa". Amene apezadi nchito agwa m'bvuto lina: akhetsa thukuta kwa bwana mmodzi, nalandira malipiro kwa wina. Akapweteka, kapena ndalama zace za NAPSA zikapanda kuperekedwa, mabwana awiriwo alozana zala.

Kodi nkoyenera kuti mmphawi agule nchito? Iai ndithu. Wofuna wanchito ndiye ayenera kulipira womfunira. Mfundo imeneyi iri m'pangano la 181 la bungwe la ILO la caka ca 1997, limene Zambia anabvomera mu 2013. Lamulo la Employment Code la 2019 linena kuti kampani yotere isagwire nchito popanda cilolezo ca Labour Commissioner, ndi kuti pangano la nchito ya miyezi 6 kapena kuposa lilembedwe papepala. Mu January 2024 malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anakwezedwa kufika K1,300 pamwezi.

Koma lamulo logona m'kabati ku Lusaka silipulumutsa mtsikana wa kwa Shikabeta. A Unduna wa za Nchito ayenera kulengeza maina a makampani okhala ndi cilolezo m'cinenero ca anthu, pa wailesi, pa sukulu ndi pa bwalo la mfumu, ndipo onyenga azengedwe mlandu poyera.

Wotsiriza sukulu naye asacite manyazi kufunsa mafunso atatu: Cilolezo ciri kuti? Bwana weniweni ndani? Malipiro alembedwa pati? Kampani yoona idzayankha mosabvuta. Imene ikwiya ndi mafunso otere yadziulula yokha. Akuluakulu sananame ponena kuti safunsa anadya phula.