Bambo ake akuti abwere kumudzi pa social weekend

Anamwino,

Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimachita geni ya nyemba ndi mtedza. Mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka 19, adasankhidwa kupita ku University of Malawi ku Zomba ndipo ali chaka choyamba. Pamtundu pathu ndiye woyamba kuponda kuyunivesite. Sabata yatha adaimba foni kupempha K40,000, akuti kukubwera zochitika zomwe amazitcha social weekend, komanso akufuna kulowa gulu la zisudzo. Bambo ake atamva adalusa kwambiri. Akuti adamutumiza kukawerenga osati kukavina, ndipo alamula kuti Lachisanu la sabata imeneyo akwere minibasi abwere kuno, adzabwerere Lolemba. Za zisudzozo akuti asazimvenso. Pano mwana wasiya kuyankha foni ya bambo ake, ndipo ine ndili pakati. Nanenso mantha ndili nawo chifukwa ndimamva kuti kumeneko kumakhala mowa ndi zachiwerewere. M'nyumba muno sitikuyankhulana bwino ndi bambo. Kodi pamenepa nditani?

Mayi wodandaula, Ntcheu.

Zikomo mayi polemba. Kufikitsa mwana wamkazi kuyunivesite ndi ndalama ya nyemba si zamasewera, ndiye landirani ulemu wanu.

Mantha a bambo ndi omveka, koma mankhwala omwe asankha sangachize nthendayi. Mukamuitana mwanayo Lachisanu limenelo, mwatchinjiriza masiku atatu okha. Digiri ndi zaka zinayi, ndipo mowa ku Zomba saugulitsa pa social weekend pokha. Mudzamuitana kangati? Chomwe chidzachitike n'chakuti ulendo wina sadzakuuzaninso kuti kukubwera zochitika. Adzangoti mayi nditumizireni ya fotokope, inu n'kutumiza, osadziwa komwe ali usiku umenewo. Chizindikiro mwachiona kale, wasiya kuyankha foni. Pakalata yanu yonseyi, chomwe chandidetsa nkhawa ine ndi chimenecho. Gule yekha sanandiopse.

Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi yemwe sadakwanitse zaka 18. Kwa inu ndi khanda lanu lomwe lija, koma kusukuluko amamutenga ngati munthu wamkulu. Kulibe belu, kulibe amatironi oyenda ndi tochi kuwerenga mabedi ngati kusekondale yogonera konko. Chomuteteza ndi zomwe mwamuika m'mutu, komanso mtima woti zikavuta ayambe waimbira inu.

Nanga social weekend n'chiyani? Ndi mapeto a sabata omwe atsogoleri a ophunzira amakonza kuti anzawo apumuleko kumabuku. Masana kumakhala mpira wamiyendo, wamanja ndi mipikisano ina, madzulo kumabwera oimba, kenako dansi mpaka usiku. Sikuti ndi ku Zomba kokha, makoleji ambiri amachita. Palibe yemwe amakakamizidwa kupita. Ena amaonera mpira n'kukagona, ena amakhala kumapemphero a magulu awo, ena amakesa. Mowa umakhalapo, sindikunamizani, ndipo anthu achilendo omwe si ophunzira amabweranso ndi magalimoto awo. Tifikako kumeneko.

Koma poyamba za zisudzo, chifukwa apa pokha bambo ndikuwapempha abweze mawu. Sukulu yomwe mwana wanu ali ndi ija tinkaidziwa kuti Chancellor College, yomwe idasamukira ku Zomba mu 1973 kuchoka ku Chichiri, ndipo mu 2021 idatsala yokha ndi dzina la University of Malawi pomwe Polytechnic idasanduka MUBAS, makoleji a udotolo ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Mbiri ya sukuluyi siidachokere m'kalasi mokha. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkayenda m'masukulu ndi m'midzi, ndipo pambuyo pake linkagwiritsa ntchito sewero pokambirana ndi anthu za umoyo ndi chitukuko. Gulu la alembi lomwe lidayamba mu 1970 ndi komwe Jack Mapanje ndi anzake adanolera luso lawo. Ndiye mwana akati akufuna zisudzo kumeneko, musaganize kuti walowerera. Akukaphunzira kuima pamaso pa anthu, kusunga nthawi, kugwira ntchito ndi anzake omwe sagwirizana nawo maganizo. Tsiku la intavyu zimenezi zidzamuthandiza chimodzimodzi pepala la digiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Palinso chifukwa china chomwe ife a chipatala timachiona msanga. Malo ogona pasukulu sakwanira onse, ndiye ophunzira ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda. Mwana wochokera kumudzi, wa chaka choyamba, wopanda gulu lililonse, akhoza kugona ndi malungo masiku awiri m'chipinda popanda womugogodera. Akhozanso kumira m'maganizo, kulephera mayeso oyamba, kusowa womuuza, mpaka kuganiza zodzipha. Koma yemwe ali kukwaya, kuzisudzo, kumpira, ku SCOM, ku YCS kapena kugulu la ophunzira achisilamu, akajomba kawiri wina amafunsa kuti kodi uje ali kuti? Funso limeneli lapulumutsa ana ambiri kuposa malamulo athu makolofe. Ngakhale magazi omwe amayi amalandira akataya ambiri pobereka, gawo lalikulu amapereka ndi ana asukulu a Malawi Blood Transfusion Service akawayendera. N'chifukwa chake nthawi ya holide magazi amachepa m'zipatala. Izinso ndi zochitika za pasukulu, kungoti sizitchuka ngati dansi.

Malire akhalepo ndithu. Wolephera mayeso amachotsedwa sukulu, eni ake amati kuwididwa, ndipo zisudzo sizingamuombole. Mugwirizane naye kuti gulu likhale limodzi chaka chino, ndipo zotsatira za semesita akuonetseni yekha osadikira kufunsidwa. Zikatsika, zisudzo ziyambe zaima.

Tsopano ndalama. Musatumize chimbulimbuli, komanso musamumane ngati chilango. Mufunseni akuwerengereni kuti pakhomo ndi zingati, kulembetsa gulu ndi zingati, zotsalazo n'zachiyani. Ngati zina ndi za diresi latsopano, muuzeni mosabisa kuti nyemba sizinayende, avale lomwe ali nalo. Koma funsitsani ngati akudya. Masiku ano si kale lija boma linkadyetsa ophunzira kukafiteriya. Ambiri amadziphikira kapena kugula, ndipo ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, safikira aliyense. Zidyamakanda zomwe zimaimika magalimoto pafupi ndi masukulu zimadziwa bwino kuti mwezi ukapita pakati ana amakhala atauma. Mtsikana wanjala ndiye amakwera galimoto yachilendo, osati wokonda kuvina. Pa zomwe mutumizezo, patulani kandalama kena mumuuze kuti aka n'kobwererera kunyumba usiku, kakhale mufoni, asakakhudze ngakhale anzake apemphe bwanji.

Zomwe zikutsatirazi mumuuze ndi pakamwa panu. Ngati manyazi akukugwirani, tumani azakhali ake kapena mng'ono wanu, koma zinenedwe Lachisanulo lisanafike.

Apite ndi anzake awiri kapena atatu omwe akuwadziwa, ndipo agwirizane kuti abwerera limodzi, wina asatsale ngakhale atanena kuti ndili bwino, dzipitani. Chakumwa chilichonse, ngakhale fanta, botolo alitsegule iye akuona, ndipo akalisiya patebulo n'kupita kovina asadzamwenso. Njira zachidule zamdima azisiye, ndipo kabaza wa usiku asakwere yekha.

Mowa ndikadakonda asaulawe n'komwe. Koma ngakhale iye asamwe, adzakhala pakati pa omwa, ndiye adziwe chochita. Masacheti boma lidaletsa mu 2015, koma mowa waukali womwewo ulipobe m'timabotolo totchipa, ndipo ana amaumwa ngati madzi, m'mimba mulibe kanthu. Chiwindi chimatha kusefa mowa pang'ono chabe pa ola, ndipo palibe khofi, madzi ozizira kapena nsima yomwe ingachifulumizitse. Mnzake akaledzera mpaka kukomoka, amugoneke chammbali, mutu wopendekera pansi pang'ono, kuti akasanza masanzi asalowe m'mapapo. Asamugoneke chagada, asamumwetse kanthu, asamutsekere m'chipinda yekha kuti mawa adzuka bwino. Akamutsina osatekeseka, akamapuma motalikiza kapena thupi likazizira, athamange naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pa ntchito yanga ndidalandirapo achinyamata omwe anzawo adachedwa nawo poopa kuti akuluakulu a sukulu kapena makolo adziwa. Kukalipiridwa kumatha, maliro satha.

Nkhani yovuta kwambiri ndi iyi. Zikachitika kuti wagona ndi mwamuna mosadziteteza, kondomu yaphulika, kapena wagwiriridwa, pali maola 72 omwe ndi amtengo wapatali. M'maola amenewa kuchipatala amapereka mankhwala otchedwa PEP othandiza kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi. Amamwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Akayamba tsiku lomwelo ndiye bwino koposa, maola 72 akadutsa sathandizanso. Palinso mapiritsi olera a pangozi oteteza mimba, omwe amagwira bwino ntchito akamwedwa m'masiku atatu oyamba. Mapiritsiwa sachotsa mimba yomwe yakhazikika kale, ndipo sateteza ku HIV, chindoko kapena chinzonono. Taonani tsono: zikachitika Lachisanu usiku, mwana n'kudzitsekera kulira Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba n'kupita m'kalasi ngati palibe kanthu, nthawi yatha. Ambiri amabwera patapita mwezi, kusamba kutasowa.

Wogwiriridwa asayambe wasamba kapena kuchapa zovala ngati angathe, chifukwa ndi umboni, koma ngakhale atasamba apitebe. Ayambire kuchipatala. Pachipatala chachikulu cha Zomba, monganso ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu, pali malo otchedwa One Stop Centre komwe achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Ndipo mumuuze mawu awa momveka: "Chilichonse chikakuchitikira, kaya udamwa kaya sudamwe, undiimbire ine, sindikalipa." Munene pokhapokha ngati mudzasungadi lonjezolo.

Ena mwa owerenga ayamba kale kung'ung'udza kuti namwino akuphunzitsa ana chiwerewere. Ayi. Kudziletsa ndiye njira yotsimikizika ndipo mumuuze zimenezo poyamba. Koma kumuuza mwana komwe kuli chipatala sikumutuma kuti akavulale.

Inu muli ndi ana aamuna musapumire m'mwamba kuti izi n'za atsikana. Omwe tinkawasoka mabala a mabotolo Loweruka usiku ambiri adali anyamata. Muuzeni mwana wanu kuti mtsikana woledzera sangavomere kanthu, ndipo kugona naye ali chomwecho ndi mlandu wogwirira, womwe umatha ndi ndende ndipo sukulu imathera pomwepo. Kugwiragwira mtsikana padansi iye asakufuna nakonso ndi mlandu pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, kaya wochitayo ndi wophunzira mnzake kaya mphunzitsi. Asajambule mnzake woledzera n'kuponya pa WhatsApp kapena pa Facebook poyesa nthabwala.

Kunyumbako, musawatsutse bambo pamaso pa ana enawo. Dikirani adye, apume, muwawerengere tsamba lino. Kenako muwapemphe chinthu chimodzi, kuti aimbe foni ndi iwo, ndipo asayambe ndi za dansi. Afunse ngati wadya, ngati chitseko cha chipinda chake chili ndi loko wabwino, komanso dzina ndi nambala ya mnzake yemwe amagona naye. Nambala imeneyo muisunge nonse awiri. Ngati mtima wawo sukukhazikikabe, ndalama ya minibasi yomwe akadamutumizira mwanayo akwerere iwo Loweruka lina masana, akaone komwe amagona ndi komwe amaphunzirira. Ntcheu ndi Zomba si kutali. Ndipo tsiku lomwe adzakhale ndi sewero lake loyamba, mupite nonse mukakhale kutsogolo.

Anamwino,

Ndine bambo wa zaka 29, ndili ndi mwana mmodzi. Mkazi wanga akumaliza maphunziro ake ku Bunda ndipo akuti kuli mgonero wotsanzikana wa omaliza. Wagula nsalu yodula ndipo wapita kale kwa telala. Anzanga akuti kumeneko akazi a eni amatengedwa. Ndikuganiza zongotulukira usiku womwewo osamuuza kuti ndikaone ndekha. Ndilakwitsa?

Wansanje, Lilongwe.

Mulakwitsa achimwene. Mukakatulukira ngati wapolisi n'kumupeza akudya mpunga ndi anzake a m'kalasi, mudzanena kuti mwadzatani? Manyazi amenewo adzawakumbukira mpaka ukalamba. Mkazi wofuna kuchita zachinsinsi sadikira tsiku lomwe kalasi yonse ili ndi mafoni m'manja kujambula, ndipo sakuonetsani nsalu. Zaka zonsezi wakhala akupita kusukuluko n'kumabwerera kwa inu, ndiye usiku umodzi wokha ndi umene wakutayitsani tulo? Anzanu akukuuzani izi, akazi awo adafikako ku Bunda?

Mufunseni ngati amalola kubwera ndi mlendo ndipo khadi lake ndi zingati. Akati amalola, chapitsani jekete, mwana mukamusiye kwa agogo ake. Akati n'za ophunzira okha, mulipirireni telalayo, mugwirizane nthawi yomwe mukamutenge pageti.