Msilikali Wogona pa Famu ku Tengwe Ammangire Chiliza Ndani?

Novembala aliyense lipenga limalira ku Zomba ndi ku Lilongwe, akuluakulu a boma ndi a asilikali amaika nkhata za maluwa, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri kukumbukira amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Ku Zimbabwe nako ali ndi tsiku lawo mu Ogasiti, pamene amasonkhana ku Heroes Acre ku Harare ndi ku Chinhoyi kulemekeza omenyera ufulu. Koma alipo asilikali amene miyambo yonse iwiriyi imawadumpha. Ndikunena amuna a ku Nyasaland amene anavala yunifomu ya Keyala (KAR) kapena ya Rhodesian African Rifles, napulumuka ku nkhondo, kenaka n'kukakalambira m'makomboni a mafamu a fodya ku Tengwe, ku Karoi ndi m'madera ena a Mashonaland. Anagona kumapeto kwa munda wa eni ake, pansi pa mulu wa miyala, popanda cholembedwa chosonyeza kuti munthuyu anaolokapo nyanja ya mchere atanyamula mfuti.

Ana ndi zidzukulu zawo asadikirenso munthu. Amange okha chiliza pomwe mkuluyo anagonapo, alembepo dzina lake ndi usilikali wake, ndipo aliyense wowatsekereza, kaya ndi mwini famu watsopano, kaya khansala, kaya wachipani, adzudzulidwe poyera.

Alipo amene akuyembekezabe kuti tsiku lina kudzatulukira lole itanyamula miyala yoyera ngati imene ili m'manda a asilikali ku Zomba ndi ku Karonga. Sidzabwera. Miyala imeneyo amaika ndi a bungwe la Commonwealth War Graves Commission, ndipo malire awo ndi odziwika: amasamala okhawo amene anafa kuyambira pa 4 Ogasiti 1914 kufika pa 31 Ogasiti 1921, ndiponso kuyambira pa 3 Seputembala 1939 kufika pa 31 Disembala 1947. Ngakhale kwa anthu amene anafa m'zaka zimenezi, bungweli silinachite chilungamo. Lipoti limene linatuluka mu Epulo 2021 linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo ku Africa kuno, sanalembedwe maina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ntchito yokonza cholakwacho inayambika, ndipo mu Januwale 2025 ku Cape Town anatsegulira chikumbutso cha anthu akuda opitirira 1,700 amene anaiwalika. Zimenezo n'zoyamikika. Koma mkulu amene anabwerako wamoyo ku Burma, nakhala mlonda kapena kapitawo pa famu zaka makumi atatu, namwalira ndi chifuwa pa komboni, m'buku lawo mulibe ndipo sadzalowamo.

Boma la Zimbabwe nalo lili ndi ngwazi zake, za nkhondo ya ufulu ya Chimurenga. Kwa ilo, mkuluyu anali mlendo, komanso msilikali wa atsamunda. Boma la Malawi limadziwa nkhalamba zimene zili pakhomo, monga zosungidwa m'nyumba za asilikali akale ku Zomba ndi zimene bungwe la asilikali akale la VELOM limaziyendera. Amene anatsika ku Halale osabwerera, kwathu timangoti ndi mtchona, nkhani n'kuthera pomwepo. Maboma atatu, la Britain, la Zimbabwe ndi la Malawi, ndipo palibe ngakhale limodzi loti linganene kuti maliro awa ndi athu.

Chikhalirecho anthuwa sanali ochepa. Pa nkhondo yoyamba, imene agogo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, dziko laling'ono la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. John Chilembwe anadandaula m'kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo, ndipo mtendere ukabwera saona phindu lililonse. Pa nkhondo yachiwiri amuna a kwathu anamenya ku Moyale kumalire a Kenya ndi Ethiopia mu Julayi 1940, dzina limene mpaka lero lili pa malo a asilikali ku Mzuzu. Anamenya ku Tug Argan ku Somaliland mwezi wotsatira, anafika ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali m'matope ndi malungo a m'chigwa cha Kabaw ku Burma. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwanso ku Malaya. Magulu a asilikali akuda a ku Rhodesia, kuyambira Rhodesia Native Regiment ya 1916, analembanso amuna ambiri a ku Nyasaland amene anali kale m'dzikomo pa ntchito.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene zinachitika nkhondo itatha, ndipo palibe malo amene zimaonekera poyera kuposa m'boma la Hurungwe momwe muli Tengwe. Pomasulidwa ku usilikali, mzungu wopanda udindo ankalandira mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene munthu wakuda waudindo womwewo ankalandira mashereni atatu ndi theka. Kuwonjezera apo, boma la Southern Rhodesia linagawira malo azungu obwera ku nkhondo, ndipo mafamu ambiri a ku Karoi anayamba motero. Malo a ku Tengwe anadzatsegulidwira alimi achizungu pambuyo pake. Fodya amafuna manja ambiri, kuyambira ku nazale mpaka kosankha masamba, ndipo manjawo anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anayenda pansi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Msilikali amene anabwerera kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi ndi tindalama tochepa, napeza msonkho ukumudikira ndipo ntchito kulibe, anatsata njira yomweyo. Motero anthu awiri amene anamenya nkhondo imodzi anadzakumananso m'munda umodzi, wina ali ndi chikalata cha malo m'manja, winayo ali ndi khasu. Wa chikalata uja atamwalira, abale ake anamuikira mwala wolembedwa bwino. Wa khasu uja anaikidwa pamalo pamene mwini famu analoza, ndipo chizindikiro chake chinali mtanda wa mtengo umene chiswe chinadya kalekale, kapena kachitini kolembedwa ndi penti amene dzuwa linafufuta.

Kale manda a pa famu ankasungika chifukwa anthu a pa komboni ankadziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje. Kuchokera mu 2000, pamene mafamu analandidwa n'kugawidwa, chidziwitso chimenecho chinabalalika pamodzi ndi eni ake. Ena anathamangitsidwa, ena anapita kokumba golide, ena ali m'matauni, ena ku Johannesburg. Alimi atsopano ambiri anachokera kwina ndipo sadziwa yemwe anagona m'kathengo kali pakona pa munda wawo. Fodya wa kumeneko amaumitsa ndi moto, nkhuni zikusowa, ndipo mitengo imene inkasonyeza kuti pano ndi pamanda ikugwa umodziumodzi. Mitengo ikatha, chotsatira ndi pulawo. Malamulo a Zimbabwe amaletsa kuwononga manda, koma wolima pa mulu wa miyala wopanda dzina adzangoti sindinadziwe, ndipo ndani adzamutsutse? Pa chiliza cha simenti cholembedwa dzina palibe anganene choncho.

Pali chifukwa chinanso chomangira chiliza chimene ana obadwira ku Zimbabwe akuchidziwa bwino kuposa ine. Anakula akutchedwa dzina lonyoza loti mabhurandaya. Zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anawabwezera unzika, ngakhale ena akuvutikirabe mapepala. Robert Mugabe yemwe anawanyozapo kuti ndi anthu opanda mitupo, kunena kuti alibe mfunda, alibe kochokera. Mwala wa pamanda uyankhe chipongwe chimenechi. Palembedwe dzina la kumudzi ndi dzina la ku usilikali, pakuti ambiri anali ndi maina awiri. Palembedwe chiwongo chake, kaya ndi Phiri, kaya Banda, kaya Mbewe, kaya Mwale. Palembedwe mudzi, mfumu yaikulu ndi boma kumene anachokera, gulu la asilikali limene anali, kumene anakamenya, ndi chaka chimene anamwalira. Ndipo zilembedwe m'Chichewa, kapena m'Chiyao ngati anali Myao, monga analili asilikali ambiri a Keyala, chifukwa mwalawo ndi wa banja, si wa mfumu ya ku England.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe, ndipo sindichipeputsa. Adzati anthuwa anali zida za atsamunda. N'zoona kuti asilikali a Keyala anatumidwa kukathana ndi anthu a Chilembwe mu 1915, anagwiritsidwanso ntchito pa nthawi ya chipwirikiti cha 1959, ndipo Rhodesian African Rifles inamenyana ndi omenyera ufulu m'zaka za m'ma 1970. Ku Hurungwe, kumene nkhondo ya ufulu inapweteka anthu ambiri, mawu amenewa ndi olemera. Koma ine sindikupempha kuti mkuluyu amutenge akamugoneke pamodzi ndi anyamata asanu ndi awiri amene anafa ku Chinhoyi mu Epulo 1966. Sindikupempha kuti boma limutche ngwazi. Chiliza chimangonena chimene chinachitika: munthu uyu anali wakutiwakuti, anachokera kwakuti, anatengedwa kupita kwakuti. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, msonkho unkathamangitsa anyamata m'midzi, njala inkachita zotsalazo. Komanso mzere wolekanitsa msilikali wa atsamunda ndi womenyera ufulu sunali wowongoka monga andale amaujambulira lero. Waruhiu Itote wa ku Kenya, amene anadzatchuka ndi dzina loti General China pa nkhondo ya Mau Mau, anayamba wakhala msilikali wa Keyala ku Burma. Tikabisa kuti agogo anapita ku nkhondo ya azungu, amene tikumuchitira chifundo ndi amene anawatumayo, chifukwa tikufufuta umboni wa ngongole yake.

Ena adzati ndalama n'zosowa, amoyo akugona ndi njala, bwanji kuwonongera akufa. Apa vuto ndi mpikisano umene walowa pa nkhani ya ziliza. Anthu ayamba kuganiza kuti popanda mwala wakuda wonyezimira wa ku Mutoko, ng'ombe yophedwa ndi zovala zofanana banja lonse, ndiye kuti mwambo sunachitike. Motero banja limadikira chaka chimene mwana wa ku Joni adzatumize ndalama zambiri, zaka n'kumapita, agogo aakazi amene amadziwa malo enieni n'kumwalira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Matumba ochepa a simenti, mchenga wa kumtsinje, njerwa ndi msomali wolembera simentiyo isanaume zikwanira. Mwala wokwera mtengo ungadzabwere pambuyo, koma dzina likhale litakhazikika kale.

Sindigwirizananso ndi oti mafupa afukulidwe apite ku Malawi. Ndikumvetsa kuti kwa Achewa munthu amayenera kugona kwao kwa amayi ake. Koma mudzi umene mkuluyu anausiya mu 1947 sumudziwanso, pamene ana ake, zidzukulu zake ndi thukuta lake zili ku Tengwe. Manda ake ndi umboni woti banjalo silinafike dzulo m'dzikomo.

Ntchitoyi si ya banja lokha. Mabungwe othandizana pa maliro, amene anthu a kwathu anawakhazikitsa kalekale m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, ali ndi mabuku a maina. Akulu a mpingo wa CCAP, a Katolika ndi mashehe a m'mizikiti ya m'mafamu anaika malirowa ndipo ena akukumbukira. Akuluakulu a dambwe, amene gule wawo anaperekeza ambiri mwa anthuwa kumanda, amadziwa thengo lililonse. Magule a beni, mganda ndi malipenga, amene timavinabe, anatengera perete wa asilikali omwewa, ndiye ovinawo ali ndi mangawa kwa iwo. Onsewa akhale pansi famu ndi famu, alembe ndani anagona pati, kenaka apite pamodzi kwa mwini malo watsopano ndi kwa mfumu ya deralo kukanena mwaulemu kuti tikubwera kudzamanga. Ambiri sadzakana, pakuti Ashona nawo amalemekeza manda. Wokanayo nkhani yake ipite ku khonsolo ndi ku nyuzipepala.

Chovuta chenicheni ndi nambala ya usilikali. Mamendulo a nkhondo yoyamba ndi a ku Malaya ali ndi dzina ndi nambala m'mphepete mwake, choncho amene anawasunga m'sutikesi awatulutse awerenge. Koma a nkhondo yachiwiri, monga Burma Star ndi Africa Star, ambiri anaperekedwa opanda dzina, ndipo kabuku komasulira msilikali kanapsa kapena kanatayika pothawa pa famu. Apa ndi pamene boma la Malawi lingachite kanthu popanda kuwononga ndalama zambiri. Asilikali a Malawi ndiwo analowa m'malo mwa Keyala mu 1964, ndipo nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko ili ku Zomba komweko kumene kuli Cobbe Barracks. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare itsegule kaundula woti banja lililonse lilembetse dzina la msilikali wawo, mudzi wake ndi famu imene anagona, ndipo mainawo atumizidwe ku Zomba kuti akafufuzidwe. Mabanja asaimitse ntchito podikira yankho. Amange chaka chino mvula isanagwe ndi mathirakitala asanalowe m'minda, asiye kampata pa simentipo, nambala ikadzapezeka adzalembepo.